Khadi la Wi-Fi silikuoneka pa Debian: kodi vuto ndi laputopu kapena chipset?

Nangozo

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha thandizo pa nkhani ya malaputopu akale amene sukulu yathu inalandira kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Tinagwirizana kuti onse tiikemo Debian 12, mtundu wina wa Linux, chifukwa makinawa ndi ofooka ndipo sitikufuna kuti ana aziphunzirira pa mapulogalamu okopera mwachinyengo. Malaputopu onsewa ndi a mtundu umodzi, dzina lolembedwa pachivindikiro ndi limodzi, ndipo tinagwiritsa ntchito flashi imodzi poika Debian. Chimene chikutizunguza n'chakuti ena akuona Wi-Fi ya pasukulu ndi kulumikizana nayo bwinobwino, pamene ena sakuonetsa ngakhale chizindikiro choti mkati mwake muli khadi la Wi-Fi. Tikalumikiza waya wa netiweki, onse akugwira ntchito popanda vuto. Kodi makhadiwo anafa, kapena pali chimene sitinachite?

Chisale

Aphunzitsi, musafulumire kuganiza kuti makhadiwo anafa. Dzina la pachivindikiro limangotiuza kampani imene inalumikiza zipangizo, koma khadi la Wi-Fi kampaniyo imachita kugula kwa ena, ndipo mtundu umodzi wa laputopu ungathe kutuluka ku fakitale ndi khadi la Intel mwezi uno, la Broadcom mwezi wamawa, kapena la Realtek pa oda ina. Zili ngati minibasi ziwiri za dzina limodzi zimene injini zake n'zosiyana: makaniko safunsa dzina la pathupi, amatsegula n'kuona injiniyo. Kernel ya Linux, imene ndi mtima wa Linux woyendetsa zipangizo zonse, nayonso siiona dzina la laputopu, imaona nambala ziwiri zimene chipset, kachipangizo kenikeni kogwira ntchito m'khadimo, imalengeza, yoyamba ya kampani ndipo yachiwiri ya chipangizocho.

Tsegulani terminal, malo olembera malamulo, pa laputopu imodzi imene ikugwira ndi ina imene ikukana, mulembe lspci -nnk, ndipo mutitumizire mizere imene ikunena za network ndi ethernet pamodzi ndi nambala zake komanso mzere wosonyeza dalaivala, pulogalamu yoyendetsa khadilo, amene akugwiritsidwa ntchito. Mulembenso rfkill list kuti titsimikize kuti palibe batani limene lazimitsa wailesiyo.

Nangozo

Zikomo a Chisale. Pa imene ikugwira palembedwa Intel Wireless 3160, nambala yake ndi 8086:08b3, ndipo dalaivala wake ndi iwlwifi. Pa imene ikukana palembedwa Broadcom BCM43142, nambala yake ndi 14e4:4365. Khadi la waya pa zonse ziwiri ndi la Realtek, 10ec:8136, ndipo dalaivala wake ndi r8169. Lamulo la rfkill silikuonetsa Wi-Fi iliyonse pa laputopu ya Broadcom.

Chisale

Apa gwero la vuto laoneka, ndipo makhadi anu ndi amoyo. Makhadi a Broadcom pa Linux ali ndi madalaivala angapo, ndipo aliyense ali ndi ma chipset ake. Pali b43, amene analembedwa ndi anthu odzipereka pofufuza okha mmene zipangizozo zimagwirira ntchito, popeza kampaniyo siinatulutse zikalata zofotokoza. Ameneyu amathandiza makhadi akale monga BCM4312, koma firmware yake, pulogalamu yoyenda m'khadi mwenimwenimo, imachita kusololedwa m'dalaivala wa kampani ndi chida chotchedwa b43-fwcutter. Pali brcmsmac ndi brcmfmac, amene anachokera ku malemba omwe Broadcom inatsegula mu September 2010. Brcmsmac amayendetsa BCM4313, pamene brcmfmac ndi amene amayendetsa Wi-Fi ya pa Raspberry Pi. Kenako pali wl, dalaivala wotsekedwa wa kampaniyo. BCM43142 yanuyo siithandizidwa ndi atatu oyambawo, imayenda ndi wl yekha.

Popeza waya ukugwira, ntchito yapepuka. Lumikizani waya, muwonjezere mawu akuti contrib ndi non-free pa mizere ya mu /etc/apt/sources.list, mulembe apt update, kenako muike maphukusi awiri, linux-headers-amd64 ndi broadcom-sta-dkms. Phukusi lachiwirili limamangirira dalaivalayo ku kernel imene muli nayo, ndipo DKMS, chida chomangira madalaivala a kunja kwa kernel, idzamumanganso nthawi iliyonse kernel ikasinthidwa. Limaletsanso b43, bcma, ssb ndi brcmsmac kuti asalimbirane khadi limodzi ndi wl. Mukatha muzimitse n'kuyatsanso. Ngati mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kompyuta ikangoyatsidwa, mwayatsidwa chitetezo chotchedwa Secure Boot, kernel idzakana dalaivala amene kiyi yake siikudziwika, choncho mulembe mokutil --import /var/lib/dkms/mok.pub, musankhe mawu achinsinsi, ndipo poyatsanso padzabwera sikirini ya buluu yokufunsani ngati mukuvomereza kiyiyo.

Amene alibe waya, foni ya Android yolumikizidwa ndi chingwe cha USB imagawa intaneti popanda kuika dalaivala wina aliyense, bola muyatse tethering pafoniyo.

Jere

Pepani akuluakulu, ndili ndi funso limene likundivuta kumvetsa. Ndinawerenga kuti Debian 12 inayamba kubwera ndi firmware yotsekedwa pa chimbale chake chovomerezeka, ndipo n'chifukwa chake khadi la Intel la aphunzitsi linagwira pompopompo. Nanga bwanji la Broadcom silinagwire, pamene zonse ziwiri ndi mapulogalamu otsekedwa?

Nankhoma

Achimwene a Jere, funso lanu ndi lofunika, chifukwa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwirizi. Dalaivala ndi pulogalamu imene imayenda pa purosesa yaikulu ya kompyuta, mkati mwa kernel, ndipo ili ndi mphamvu zofika paliponse m'memori. Firmware ndi pulogalamu imene dalaivala amaitenga pa diski n'kuithira m'khadi nthawi iliyonse kompyuta ikayatsidwa, ndipo imayenda pa kapurosesa kakang'ono ka m'khadimo. Pa khadi la Intel, dalaivala iwlwifi ndi wotseguka, ali m'kernel yeniyeni ndipo ogwira ntchito a Intel amamukonza poyera; chotsekedwa ndi firmware yokha, imene kampaniyo inalola kuti igawidwe. Pa BCM43142, chotsekedwa ndi dalaivala mwiniyo.

Debian inachotsa firmware yotsekedwa m'kernel yake pa Debian 6.0 mu 2011, ndipo kwa zaka zoposa khumi munthu woika Debian pa laputopu ankafika pa sikirini yomupempha flashi yokhala ndi mafayilo a firmware, iye alibe intaneti yoti akawatengere. Mu 2022 mamembala a Debian anaponya voti n'kusintha pangano lawo kuti chimbale chovomerezeka chizinyamula firmware yotereyi, ndipo Debian 12, imene inatuluka pa 10 June 2023, inabwera ndi chigawo chatsopano chotchedwa non-free-firmware. Chigawochi n'cha firmware yokha. Dalaivala wl anatsala mu non-free, n'chifukwa chake a Chisale anena kuti muwonjezere non-free pamanja.

Njira yosavuta yosiyanitsira mavuto awiriwa ndi kulemba dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, ndi kufufuza mawu akuti firmware. Mukaona mzere wonena kuti fayilo yakutiyakuti yalephera kupezeka, dalaivala alipo ndipo chikusowa ndi fayilo chabe. Mukaona kuti palibe mzere uliwonse wotchula khadilo, ndiye kuti kernel ilibe dalaivala amene akuidziwa nambala ija.

Mbewe

Zimene a Chisale afotokoza n'zoona ndipo zigwira ntchito, koma ine sindingasangalale kuona labu ya sukulu ikudalira wl kwa nthawi yaitali. Dalaivala ameneyu anatuluka komaliza mu 2015, pa nambala 6.30.223.271, ndipo chimene chimamusunga wamoyo ndi zigamba zimene osamalira maphukusi a Debian, Ubuntu ndi Arch amaika pa kagawo kakang'ono kotseguka kuti kazigwirizana ndi kernel yatsopano. Gawo lalikulu ndi fayilo yotsekedwa imene palibe wina angaikonze. Mu 2019 munapezeka mabowo a chitetezo m'dalaivalayu, ndipo popeza amayenda mkati mwa kernel, bowo lotere ndi khomo lolowera m'kompyuta yonse. Salumikizananso ndi netiweki ya WPA3, njira yatsopano yotetezera Wi-Fi, choncho tsiku limene sukulu idzagule rauta yatsopano n'kuikhazikitsa pa WPA3 yokha, malaputopu amenewa adzatsalira. Komanso kernel ikangomulandira imadzilemba kuti yadetsedwa, ndipo mukakapereka lipoti la vuto kwa okonza kernel, choyamba chimene adzakuuzeni n'chakuti muchotse wl muyesenso.

Malangizo anga ndi oti makhadiwo asinthidwe ndi a Atheros amene amayenda ndi ath9k, monga AR9285 kapena AR9485, amene amapezeka ambiri m'malaputopu akufa. Mbiri ya ath9k ndi yophunzitsa. Poyamba makhadi a Atheros ankayenda ndi MadWifi, amene anali ndi gawo lotsekedwa ngati wl. Reyk Floeter wa ku OpenBSD analemba gawo lotseguka lolowa m'malo mwake, ntchito yakeyo n'kukhala maziko a ath5k pa Linux, ndipo mu July 2008 kampani ya Atheros yokha inatulutsa ath9k wotseguka kwathunthu. Makhadi a ath9k a mkati mwa laputopu safuna firmware iliyonse pa Wi-Fi, chifukwa ntchito yonse imachitikira m'dalaivala ndi mu mac80211, gawo la kernel loona za Wi-Fi limene linalowa mu 2007. Khadi lotere mukaliika lero lidzagwira pa kernel iliyonse popanda DKMS, popanda kiyi ya Secure Boot, ndiponso popanda kuthera bandulo potsitsa ma header.

Chisale

A Mbewe, sindikutsutsa, ndipo kusintha khadi ndi ntchito imene timaichita kawirikawiri, koma aphunzitsi ayenera kudziwa misampha yake asanayambe kumasula makina. Choyamba ndi mpangidwe wa khadilo. BCM43142 inapangidwa m'mitundu iwiri, la half mini PCIe, lotambalala pang'ono, ndi la M.2, locheperapo, ndipo limodzi silingalowe m'malo a linzake. Timawaya ta eliyo natonso n'tosiyana: ta mini PCIe tili ndi timitu ta U.FL, pamene ta M.2 tili ndi timitu tating'ono kwambiri ta MHF4. Timituti timachotsedwa pokweza molunjika m'mwamba ndi chikhadabo kapena kapulasitiki, osakoka waya, ndipo pobwezera mumayamba mwaonetsetsa kuti kamutu kakhala ndendende pamwamba pa kamphete ka golide musanakanikize mpaka mumve kuti kalowa. Mukakanikiza kali chopendekera, kamphete kaja kamaphwanyika, khadi n'kumaona netiweki ya pafupi ndi rauta yokha. Batire muichotse musanagwire kalikonse.

Chachiwiri ndi mndandanda wa m'BIOS. Malaputopu ena akale, makamaka a Lenovo ndi HP, amakana kuyaka akapeza khadi limene silili pa mndandanda wawo. Pa ThinkPad uthenga wake umayamba ndi nambala 1802. Njira yopewera zimenezi kwa aphunzitsi ndi yapafupi, chifukwa tikudziwa kale kuti mtundu wa laputopu yawo umalandira Intel 3160. Akapeza makhadi a 3160 ochotsedwa m'malaputopu a kampani yomweyo, mwayi woti BIOS iwakane ndi wochepa, ndipo khadi limeneli limagwira pa 5 GHz pamene BCM43142, AR9285 ndi AR9485 onse ndi a 2.4 GHz yokha.

Ndiwonjezere chenjezo kwa amene ali ndi makina atsopano. Makhadi a Intel monga 9560 ndi AX201 ndi a mtundu wa CNVi, kutanthauza kuti gawo lina la Wi-Fi lili m'chipset ya mavabodi, choncho sagwira pa kompyuta ya AMD kapena ya Intel yakale ngakhale alowe bwino pamalo pake. Amene amagwira paliponse pali M.2 yoyenera ndi AX200 ndi AX210.

Nangozo

Ndathokoza nonse. Tatsatira njira ya a Chisale ndipo malaputopu a Broadcom ayamba kuona Wi-Fi. Pa ena sikirini ya buluu ija inabweradi ndipo titavomereza kiyi zonse zinayenda. Mawu a Mbewe ndawamva ndipo ndiwapereka ku komiti ya sukulu kuti tiyambe kufufuza makhadi osinthira pang'onopang'ono. Patsala makompyuta a padesiki amene alibiretu khadi la Wi-Fi, ndipo komiti ikuganiza zogula tima dongle ta USB. Kodi tigule totani kuti tisabwererenso m'mavuto omwewa?

Jere

Aphunzitsi, pa tima dongle vuto la dzina ndi lalikulu kuposa pa laputopu. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi TL-WN722N ya TP-Link. Yoyamba, yolembedwa v1, inali ndi Atheros AR9271, ndipo anthu a Linux anaikonda n'kuilemba m'malangizo ambiri pa intaneti. Zotsatira zake, v2 ndi v3, zili ndi Realtek RTL8188EUS, koma dzina ndi maonekedwe sizinasinthe, ndipo kusiyana kwake kumaoneka pa kanambala kakang'ono ka pa sitika. Choncho popita kogula ndi bwino kunyamula laputopu ya Linux, kupempha wogulitsa kuti mulowetse dongle imodzi, n'kulemba lsusb. Nambala zoyamba ndi 0cf3 ndi za Atheros, 148f ndi za Ralink, 0e8d ndi za MediaTek, ndipo 0bda ndi za Realtek, ngakhale kuti makampani ena amaika nambala zawozawo pa chipset ya eni ake.

Nankhoma

A Jere alasa. Ndiwonjezere za zimene mungakumane nazo m'mashopu, chifukwa tima dongle totchipa timene tadzaza paliponse tili ndi ma chipset ochepa chabe.

Ya 148f:5370 ndi Ralink RT5370, imene imayenda ndi rt2800usb, dalaivala wakale wokhazikika. Ya 148f:7601 ndi MT7601U, imene dalaivala wake analowa m'kernel 4.2 mu 2015. Imalumikizana bwino ndi rauta koma siingathe kusandutsa kompyuta kukhala malo ogawira Wi-Fi. Zonse ziwiri firmware yake pa Debian 12 ili mu phukusi la firmware-misc-nonfree. Ya 0bda:8179 ndi RTL8188EUS ija, imene kwa zaka zambiri inkadalira dalaivala wa m'chigawo cha staging, kumene kumakhala madalaivala amene sanafike pa mlingo wovomerezeka, mpaka pamene rtl8xxxu anaitenga m'kernel 6.3. Zonsezi ndi za 2.4 GHz, ndipo pa ntchito ya kalasi zimakwanira.

Pofunika kusamala ndi pa tima dongle tolembedwa AC600 kapena AC1200. Tambiri mwa ito tili ndi RTL8811CU, RTL8821CU kapena RTL8812BU, ndipo dalaivala rtw88, amene analowa m'kernel 5.2 mu 2019, anayamba kuthandiza za USB pa 6.2. Debian 12 ili ndi kernel 6.1, kutanthauza kuti yatsalira ndi sitepe imodzi yokha, ndipo mudzafunika kernel ya ku backports, kumene Debian imaikako mapulogalamu atsopano okonzedwera mtundu wakale, kapena Debian 13, imene inatuluka mu August 2025 ndi kernel 6.12. Tina mwa timeneti mukatilowetsa timadzionetsa ngati chimbale cha CD chokhala ndi dalaivala wa Windows, pa nambala 0bda:1a2b, ndipo timafuna usb-modeswitch kuti tisanduke khadi la Wi-Fi, monga momwe mamodemu a 3G aja ankachitira. Ngati ndalama zilipo, za MediaTek monga MT7612U ndi MT7921AU n'zodalirika, chifukwa dalaivala mt76 ali m'kernel ndipo 6.1 ikuzidziwa kale.

Chimene ndikupempha n'chakuti musagule chinthu chimene malangizo ake akuti mutsitse dalaivala pa GitHub n'kumumanga nokha. Madalaivala amenewo ndi a kampani, amabwera ndi malemba awoawo a Wi-Fi m'malo mogwiritsa ntchito mac80211, ndipo amasweka kernel ikasintha, chifukwa Linux siilonjeza kuti njira zamkati mwa kernel zidzakhala chimodzimodzi. Amene asintha njira yamkati amakonza madalaivala onse a m'kernel nthawi yomweyo, koma a kunja amatsala okha. Kwa zaka zambiri munthu amene ankanyamula katundu wambiri wa makhadi a Realtek ndi b43 anali Larry Finger, wasayansi wopuma pantchito amene ankachita izi mongodzipereka. Eni malaputopu a RTL8723BE amene ankaona sigino yofooka chifukwa mkati munali waya umodzi wokha wa eliyo anathandizika ndi kasinthidwe ka ant_sel kamene iye anaika m'dalaivala. Anamwalira mu June 2024, ndipo zimenezi zikutionetsa kuti khadi limene likudalira munthu mmodzi kunja kwa kernel lili pa malo osatetezeka.

Mbewe

Mayi Nankhoma, pa mndandanda wanu mwasiya AR9271, imene kwa ine ndi yoyamba. Mu 2013 Qualcomm Atheros inatsegula malemba a firmware ya AR9271 ndi AR7010, ndipo n'chifukwa chake phukusi la firmware-ath9k-htc lili mu main, chigawo cha Debian cha mapulogalamu otseguka okha, osati mu non-free-firmware. Ndi dongle imene imagwira ngakhale pa Trisquel ndi pa kernel ya Linux-libre, zimene sizinyamula chotsekedwa chilichonse. Ma chipset ena onse amene mwatchula ali ndi firmware yotsekedwa, ndipo ine ndikuona kuti voti ya Debian ya 2022, ngakhale inathandiza anthu ambiri, inachepetsa chifukwa choti makampani atsegule firmware yawo. Kale wogula ankakwiya khadi likakana, n'kufunsa chifukwa chake. Lero zonse zimangogwira, ndipo palibe amene amadziwa kuti m'khadi mwake mukuyenda pulogalamu imene sangaione.

Nankhoma

Bambo Mbewe, nkhawa yanu ndikuimvetsa ndipo sindikuipeputsa. Umboni wa phindu la kutseguka ulipo ndithu. Vuto lakale la Wi-Fi, loti chipangizo chimodzi chakutali cholankhula pang'onopang'ono chimadya nthawi ya pa wailesi n'kuchedwetsa ena onse, linayamba kukonzedwa pa Linux kudzera mu ath9k, m'ntchito ya Toke Høiland-Jørgensen ndi anzake, chifukwa pamenepo ndi pamene ofufuza ankatha kuona ndi kusintha mizere ya mapaketi popanda firmware yowatchinga. Ma rauta ambiri a OpenWrt, Linux yopangidwira ma rauta, anapindula nazo.

Komabe sindikugwirizana nanu kuti kuvutika kwa wogwiritsa ntchito ndi kumene kukanasintha makampani. Zaka zonse zimene Debian inkakana firmware pa chimbale chake, makampani anapitirizabe kusamutsira ntchito zambiri mu firmware, ndipo ngakhale Qualcomm, itagula Atheros mu 2011, makhadi ake otsatira a ath10k, ath11k ndi ath12k onse amafuna firmware yotsekedwa. Makhadi a ath9k amathera pa 802.11n. Chifukwa chimodzi chimene makampani amapereka ndi malamulo a mafunde a wailesi, makamaka pa 5 GHz pamene Wi-Fi iyenera kupatukira ma radar, ndipo kaya chifukwacho n'chokwanira kapena ayi, mphunzitsi amene ali ndi kalasi yoyembekezera sangachithetse pokana kuika fayilo. Komanso AR9271 yeniyeni ikusowa pamsika masiku ano. Ine mzere ndimaudula pakati pa dalaivala wa m'kernel ndi wa kunja, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona funso loti khadi lidzagwirabe ntchito zaka zikubwerazi kapena ayi.

Mbewe

Mzere wanuwo ndikuuvomereza ngati poyambira pogula, ndipo pa wl tonse tikunena chimodzi. Pamene tikusiyana ndi pa zimene tiyenera kuwauza ana. Ngati labu ikuphunzitsa Linux, ana adziwe kuti pali magawo atatu: khadi lotseguka kwathunthu, khadi la dalaivala wotseguka ndi firmware yotsekedwa, ndi khadi lotsekedwa konse. Aphunzitsi ali ndi mitundu iwiri kale m'chipinda chimodzi, ndipo khadi limodzi la ath9k lingakwaniritse chitsanzocho.

Chisale

Pa makompyuta a padesiki aja, ndikufuna kufunsa ngati komiti yaganizirapo za waya. Makinawa sasuntha, ndipo switch imodzi ndi mpukutu wa waya wa Cat5e zimachotsa nkhani yonse ya tima dongle, timene timasowanso msanga pamalo podutsa anthu ambiri. Makhadi a waya pa Linux savuta kawirikawiri: e1000e ndi igb amayendetsa a Intel, r8169 amayendetsa pafupifupi onse a Realtek, ndipo ma adapta a USB a RTL8153 kapena ASIX AX88179 amagwira mukangolowetsa. Vuto limabwera pamene chipangizo chili chatsopano kuposa kernel, monga zinachitikira ndi RTL8125B ya 2.5 Gbps, imene inayamba kuthandizidwa pa 5.9 pamene Ubuntu 20.04 inatuluka ndi 5.4. Pa makina akale ngati a aphunzitsi zimenezi sizingachitike. Mudzaonanso malangizo ambiri akale onena kuti muchotse r8169 muike r8168 wa kampani. Musawatsatire pokhapokha pali vuto lenileni limene mwaliona, chifukwa r8169 wakonzedwa kwambiri m'zaka zapitazi.

Jere

A Chisale, kodi zimenezi ndi chimodzimodzi pa FreeBSD, pulogalamu ina yotseguka yoyendetsa kompyuta imene si Linux? Ndikufuna kusandutsa kompyuta yakale kukhala rauta ndi OPNsense, imene inamangidwa pa FreeBSD.

Chisale

Pa waya, anthu a FreeBSD, pfSense ndi OPNsense amalimbikitsa makhadi a Intel, amene amayenda ndi em ndi igb, ndipo khadi lakale la madoko awiri kapena anayi lochotsedwa mu seva limakwanira. Pa Wi-Fi, FreeBSD ili m'mbuyo poyerekeza ndi Linux, moti inayamba kubwereka madalaivala a Linux monga iwlwifi ndi rtw88 kudzera mu gawo lotchedwa LinuxKPI. Choncho kompyuta yanuyo ikhale rauta ya waya, ndipo Wi-Fi igawidwe ndi kachipangizo kena kapadera, makamaka kamene kangalandire OpenWrt.

Nangozo

Nkhani ya waya ndiipereka pamodzi ndi ya makhadi, chifukwa makompyuta a padesiki ali m'chipinda chimodzi ndi rauta. Mnzanga wina wabweretsa dongle yake kuti tiyesere, ndipo lsusb ikuonetsa dzina la Ralink, koma nambala yake yoyamba si 148f ndipo Wi-Fi siikuoneka. Mu dmesg mulibe mzere wodandaula za firmware.

Nankhoma

Aphunzitsi, zikuoneka kuti kampani imene inapanga dongle imeneyo inaika nambala yakeyake pa chipset ya Ralink, ndipo nambalayo siili pa mndandanda wa dalaivala. Mungatsimikize polemba modinfo rt2800usb ndi kufufuza nambala ziwirizo pa mizere ya alias. Ngati palibe, pali njira yoyesera. Mulembe modprobe rt2800usb, kenako monga root mutumize nambala ziwirizo, zolekanitsidwa ndi mpata, ku fayilo ya /sys/bus/usb/drivers/rt2800usb/new_id pogwiritsa ntchito echo. Dalaivala adzayesa kuchigwira chipangizocho nthawi yomweyo, ndipo dmesg idzakuuzani chipset yeniyeni imene wapeza. Yeserani pa kompyuta imene mulibe ntchito yofunika yotsegula, chifukwa dalaivala wolakwika akapatsidwa chipangizo chosakhala chake angathe kuumitsa makina, ndipo kumbukirani kuti kusinthaku kumafufutika mukazimitsa.

Ikagwira, mutitumizire zonse zimene lsusb ndi dmesg zalemba. Kuwonjezera nambala yatsopano m'dalaivala ndi chigamba cha mzere umodzi chimene chimatumizidwa kwa osamalira linux-wireless, ndipo ine ndingathandize a Jere kuchikonza ngati akufuna kuphunzira mmene zimachitikira. Chikalandiridwa, zigamba za mtundu umenewu zimaloledwanso kulowa m'makernel okhazikika akale, kotero kuti aliyense amene ali ndi dongle yofanana nayo adzaipeza ikugwira akadzalandira kernel yotsatira.

Jere

Ndikufunadi kuphunzira, Mayi Nankhoma. Aphunzitsi, potumiza muikeponso zimene uname -r yalemba, kuti tiyambe taona ngati nambalayo siinalowe kale m'kernel yatsopano kuposa yanu.